Mkondo Pansi pa Nyanja: Kodi Alenje Angaigonjetse Lionfish?

Pafupifupi nsomba iliyonse yamalonda ya m'nyanja za ku Florida ili ndi lamulo loiteteza. Ina ili ndi nyengo imene saloleza kuigwira, ina ukaigwira isanakule uyenera kuibwezera m'madzi, ina ili ndi chiwerengero chimene munthu mmodzi sayenera kupyola pa tsiku. Koma pali nsomba imodzi imene boma limachita kupempha anthu kuti aiphe, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, chaka chonse, popanda malire. Dzina lake ndi lionfish. Woilasa ndi mkondo wamanja safunika chiphaso cha usodzi, ndipo amene wapha zambiri amalandira mphoto anthu akuwomba m'manja. Ku Bahamas, Belize, Bonaire, Colombia ndi Cyprus nkhani ndi yomweyi: mabungwe amene ntchito yawo ndi kuteteza zamoyo za m'nyanja ndi omwewonso amene akuphunzitsa anthu kalasidwe ka nsombayi.

Nkhondo imeneyi yatha zaka zoposa 15, ndipo tsopano pali umboni wokwanira woti tiiunike. Yankho lake lili pawiri. Lionfish siidzathanso m'nyanja ya Atlantic, ndipo asayansi anasiya kalekale kulota zimenezo. Komabe pa matanthwe a korali amene alenje amabwererapo mwezi ndi mwezi, nsomba za komweko zimachira n'kuyambanso kuchuluka. Choncho funso lenileni ndi lakuti: ndi malo ati amene ayenera kulondedwa, alondedwe kangati, ndipo ndani adzalipira ntchito yopanda tsiku lomaliza?

Inafika bwanji ku Atlantic?

Kwawo kwenikweni kwa lionfish ndi nyanja zamchere za Indian ndi Pacific. Mitundu iwiri ndiyo yavuta: Pterois volitans, umene wachuluka kwambiri ku Atlantic, ndi Pterois miles, umene kwawo ndi ku Red Sea ndi gombe la kummawa kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa. Kwawoko nsombazi zimapezeka apo ndi apo ndipo palibe amene amadandaula nazo. Ndi nsomba yoti ukaiona umaima kaye: thupi la mizeremizere yofiirira ndi yoyera, zipsepse zazitali zotambasukira mbali zonse, kasambiridwe kodekha kosapupuluma. Kukongola kumeneku ndiko kunaikweza ndege. Kwa zaka zambiri amalonda ankaitumiza ku America kukagulitsa kwa anthu oweta nsomba m'mathanki agalasi m'nyumba zawo.

Vuto la lionfish ya m'thanki ndi lakuti imakula msanga ndipo imameza nsomba zinzake zodula zimene mwini wake anagula. Anthu ena ikawatopetsa ankaona kuti kuipha ndi nkhanza, ndiye ankangokaisiya m'nyanja. Yoyamba inaoneka mu 1985 pafupi ndi Dania Beach ku Florida. Pali nkhani yotchuka yakuti nsombazi zinathawa m'thanki imene inasweka ndi mphepo yamkuntho ya Andrew mu 1992, koma akatswiri ambiri saikhulupiriranso, popeza zinali zitaoneka kale zaka 7 m'mbuyomo. Atapima magazi ndi minofu ya nsombazi anapeza kuti zonse za ku Atlantic zinachokera kwa makolo owerengeka chabe.

Kwa zaka pafupifupi 15 kunali zii, zikungooneka mwa apo ndi apo. Cha m'ma 2000 zinayamba kupezeka kawirikawiri ku North Carolina ndi ku Bermuda. Mu 2004 zinafika ku Bahamas, mu 2008 ku Jamaica, Cayman Islands ndi Belize, mu 2009 ku Florida Keys ndi Bonaire, ndipo mu 2010 zinali zitalowa kumpoto kwa Gulf of Mexico. Mu 2014 ina inagwidwa kutali kwambiri, kugombe la Brazil. Pamene maboma ankadzidzimuka, madzi anali atatayika kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mimba, mazira ndi minga

Zinthu zitatu ndizo zinaipatsa mphamvu kuchilendoko. Choyamba ndi kuswana. Lionfish imakhwima isanathe n'chaka chomwe, ndipo m'madzi ofunda yaikazi imatha kuikira mazira masiku anayi alionse, chaka chonse, mpaka kufika mazira pafupifupi 2 miliyoni pa chaka. Mazirawo amatuluka atakutidwa ndi zinthu zoterera, n'kuyandama pamwamba pa madzi. Tiana tikaswedwa timatengedwa ndi mafunde kwa masabata atatu kapena anayi tisanakhazikike pa thanthwe. Nchifukwa chake thanthwe limene alenje alisesa lero limalandira alendo atsopano obadwira kutali, nthawi zina m'dziko lina.

Chachiwiri ndi kadyedwe. Imasaka kwambiri m'mbandakucha ndi madzulo kachisisira. Imayandikira kansomba pang'onopang'ono itatambasula zipsepse, n'kukapanikizira pakona ya thanthwe. Nthawi zina imapemerera madzi kumaso kwa kansombako, ndipo kakatembenukira kumene madziwo akuchokera, imakameza kuyambira kumutu m'kuphethira kwa diso. Imatha kumeza nsomba yofika theka la msinkhu wake, ndipo chifu chake chimafutukuka mpaka maulendo 30. Tinsomba ta ku Atlantic sitinakumanepo ndi mlenje wotereyu, motero tambiri sitithawa n'komwe.

Chachitatu ndi minga. Ili nayo 18 yaululu: 13 pamsana, iwiri kunsi chakutsogolo ndi itatu kunsi chakumchira. Nsomba zikuluzikulu za ku Atlantic nthawi zambiri zimangoilambalala. Kuwonjezera apo, imakhala paliponse: pa korali, m'mizu ya mitengo ya m'mphepete mwa nyanja, m'zombo zomira, ngakhale m'madzi osakanikirana ndi a mtsinje monga ku Loxahatchee River ku Florida. Chimene chimaigonjetsa ndi kuzizira, chifukwa madzi akatsika kufika cha pa madigiri 10 imafa.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 2008 Mark Albins ndi Mark Hixon a ku Oregon State University anaonetsa kuti pa timatanthwe ting'onoting'ono ta ku Bahamas, lionfish imodzi inachepetsa tiana ta nsomba za komweko ndi 79 peresenti m'masabata asanu okha. Pafupi ndi chilumba cha New Providence, Stephanie Green ndi Isabelle Côté anawerenga lionfish zoposa 390 pa hekitala imodzi, kangapo kuposa mmene zimapezekera ku Red Sea. Kafukufuku wotsatira wa Green ndi anzake anapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2010, kulemera kwa mitundu 42 ya nsomba zimene lionfish imadya kunatsika ndi 65 peresenti.

Tinsomba timeneti tili ndi ntchito. Pakati pake pali tiana ta parrotfish, nsomba imene imadya ndere zomera pa korali. Ikasowa, nderezo zimaphimba korali n'kumupha. Palinso tinsomba totsuka zilonda ndi kuchotsa tizilombo pa matupi a nsomba zazikulu, ndi tiana ta snapper ndi grouper zimene asodzi amadalira. Ku Belize kuli kansomba kotchedwa social wrasse kamene kali pangozi yoti katheretu, ndipo ofufuza atang'amba mimba za lionfish za m'dera lake anapeza kuti pafupifupi theka la nsomba zodyedwa zinali kansomba komweka.

Mmene ulenje umachitikira

Lionfish siikonda kudya mbedza, ndipo ukonde sungakokedwe pa matanthwe osawononga korali. Chatsala ndi munthu wotsikira yekha pansi, botolo la mpweya kumsana, mkondo m'manja.

Mkondowo ndi ndodo yopepuka, nthawi zambiri yotalika pafupifupi mita imodzi, ya mano atatu kunsonga ndi lamba wa mphira kumbuyo. Mlenje amakola mphirayo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukokera dzanja kutsogolo kwa ndodo mpaka mphira itakungika, kenako n'kufumbata. Amayenda awiriawiri, wina akuwalitsa tochi m'mapanga ndi kunsi kwa matanthwe, kumene nsombazi zimakonda kupuma masana, zina zitazondoka. Akaipeza amayandikira mofatsa. Popeza imadalira minga yake, lionfish imene sinasakidwepo siithawa. Imangotambasula zipsepse n'kumuyang'ana. Mlenje amafikitsa nsonga ya mkondo pafupi kwambiri, amaloza kumbuyo kwa diso, n'kumasula dzanja. Ayeneranso kuona chimene chili kuseri kwa nsombayo, chifukwa mkondo ukaphonya umaswa korali amene anatenga zaka zambiri kuti akule.

Nsomba ikalasidwa siigwiridwa ndi manja. Mlenje amakhala ndi chipaipi chachikulu cha pulasitiki cholimba chokhala ndi kukamwa konga fanelo yong'ambika. Amalowetsa mkondo ndi nsomba yomwe m'kamwamo, n'kusolola mkondo, nsomba n'kutsalira mkati. Chotchuka kwambiri cha zipangizo zoterezi ndi ZooKeeper, chimene chinayambira ku Curaçao. Akafika m'boti amadula minga ndi sizasi asanachite china chilichonse, chifukwa ululu umakhalapobe ngakhale nsombayo itafa.

Ambiri amene analasidwapo ndi mungawo zinawachitikira pa nthawi imeneyi, akugwiragwira nsomba m'boti kapena pagombe. Ululu wake ndi woopsa: dzanja limatupa, limatentha, ndipo ena amachita nseru ndi chizungulire. Kawirikawiri siupha munthu. Chithandizo choyamba ndi kuviika malo olasidwawo m'madzi otentha amene khungu lingapirire osapsa, cha pa madigiri 45, kwa theka la ola kapena kupitirira, chifukwa kutentha kumaphwanya mphamvu ya ululuwo. Nchifukwa chake maboti a alenje amanyamula fulasiki ya madzi otentha, ndipo ikasowa ena amagwiritsa ntchito madzi ofunda otuluka mu injini. Ngozi yaikulu imabwera munthu akalasidwa ali pansi n'kuchita mantha, chifukwa wokwera pamwamba mothamanga akhoza kuvulaza mapapo kapena kuchita thovu la mpweya m'magazi.

Malamulo anasintha, mipikisano inayamba

Kuti ulenje utheke, maboma anayenera kumasula malamulo amene anawakhazikitsa okha. Ku Bonaire kulasa nsomba ndi mkondo kunaletsedwa mu 1971. Lionfish itafika mu 2009, bungwe la STINAPA, limene limayang'anira malo otetezedwa a chilumbachi, linayamba kupereka mikondo yapadera yolembedwa m'kaundula kwa anthu ophunzitsidwa okha, yoti alasire lionfish basi. Ku Florida, bungwe la boma loona za nsomba ndi nyama zakutchire linachotsa lamulo la chiphaso kwa olasa lionfish mu 2012, ndipo mu 2014 linaletsa kulowetsa lionfish zamoyo m'chigawocho.

Mipikisano inayamba mu 2009 ku Green Turtle Cay, ku Bahamas, mothandizidwa ndi bungwe la REEF la ku Key Largo. Pa tsiku limodzi lokhalo alenje anatulutsa lionfish 1,408. Kachitidwe kake kanafalikira: magulu a anthu owerengeka amanyamuka dzuwa likutuluka, n'kubwerera madzulo kudzawerengetsa. Pamakhala mphoto ya opha zambiri, ya nsomba yaikulu koposa, ndi ya yaing'ono koposa, kuti alenje asamanyoze tiana timene sitinayambe kuswana. Asayansi amayeza nsomba iliyonse n'kung'amba mimba kuti aone zimene yadya, ophika n'kukazinga zotsalazo kuti anthu alawe. Mpikisano waukulu masiku ano ndi Emerald Coast Open wa ku Destin, kumpoto kwa Florida, umene mu 2023 unachotsa lionfish zoposa 24,000.

Kodi zikuthandiza?

Mulu wa nsomba patebulo umasangalatsa maso, koma muyeso weniweni uli pa zimene zatsala m'madzi. Kafukufuku amene anasintha maganizo a anthu ambiri anachitika pa matanthwe 24 pafupi ndi chilumba cha Eleuthera ku Bahamas, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Green ndi anzake anayamba awerengera kuti thanthwe lililonse lingapirire lionfish zingati nsomba za komweko zisanayambe kutha. Kenako kwa miyezi 18 ankachotsa lionfish mosiyanasiyana: pena zonse, pena zongokwanira kuti zitsike pansi pa mlingowo, pena zochepa. Pamene lionfish zinali pansi pa mlingo, kulemera kwa tinsomba ta komweko kunakwera ndi 50 mpaka 70 peresenti. Pamene zinali pamwamba pa mlingo, kunatsika kupitirira theka. Chofunika kwambiri n'chakuti matanthwe amene anachotsapo zina chabe anachira mofanana ndi amene anachotsapo zonse, koma ntchito yake inatenga nthawi yochepa.

Tanthauzo lake n'lakuti mlenje safunika kutaya mpweya wake akusakasaka nsomba yomaliza yobisala m'phanga. Ndi bwino achepetse pano n'kupita pa thanthwe lina. Ku Bonaire ndi Curaçao nakonso, kafukufuku wa mu 2013 anapeza lionfish zochepa kwambiri m'malo osakidwa kawirikawiri poyerekeza ndi malo amene alenje safikako.

Koma masamu a nyanja yonse ndi owawa. Kuwerengera kwina kwa mu 2011 kunaonetsa kuti pofuna kuti mtundu wonse uyambe kuchepa, pafunika kupha 27 peresenti ya nsomba zazikulu mwezi uliwonse. Kwina kunapeza kuti pafunika kuchotsa 35 mpaka 65 peresenti chaka chilichonse kwa zaka zambiri, ndipo mukangosiya, m'zaka 6 zimakhala zitabwerera pafupifupi mwakale. Palibe dziko limene lingakwanitse zimenezi m'madzi ake onse. Ntchitoyi ikufanana ndi kupalira: mlimi sapalira kuti udzu uthe padziko, amapalira kuti chimanga cha m'munda mwake chikule, ndipo amadziwa kuti adzabweranso ndi khasu.

Kumene mkondo sufika

Malire oyamba ndi kuya. Wosambira wamba saloledwa kupitirira mamita 40, ndipo akamatsika kwambiri nthawi yake imafupika. Pa mamita 30, ndi mpweya wamba, ali ndi mphindi pafupifupi 20 zokha. Pa mamita 40 sizikwana 10. Koma lionfish yaonedwapo pa mamita 300. Ku Bermuda zambiri zimasonkhana cha pa mamita 60, kumene kumafika akatswiri ochepa okhala ndi zipangizo zodula. Zimene zili pansizo zimaswana mwamtendere, ana ake n'kukadzaza matanthwe a pamwamba.

Anthu ayesa njira zingapo zofikira kumeneko. Bungwe la Robots in Service of the Environment, limene mmodzi wa oyambitsa ake ndi Colin Angle, yemwe pa nthawiyo anali wa kampani ya iRobot, linapanga makina oyendetsedwa ndi munthu ali m'boti, amene amakomola nsomba ndi magetsi n'kuiyamwira m'chipaipi. Anawaonetsa ku Bermuda mu 2017. Steve Gittings, ali ku NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja, anapanga msampha wopanda nyambo. Ukafika pansi umatambasuka, ndipo pakati pake pamaima kachimango kamene lionfish zimabwera kudzaunjikanapo chifukwa zimakonda kukhala pafupi ndi chinthu choima. Akaukoka umapindika n'kutseka. Nsomba zina zimathawa, koma lionfish chifukwa cha kudekha kwake imatsekeredwa. Njira zonsezi zili ndi tsogolo, koma palibe imene yafika pochotsa nsomba zochuluka ngati mkondo.

Malire achiwiri ndi akuti nsombayo imaphunzira. Côté ndi anzake anapeza mu 2014 kuti pa matanthwe osakidwa kawirikawiri, lionfish zotsala zimabisala mkati kwambiri masana ndipo zimathawa munthu akali patali. Mlenje wosadziwa kuloza amene amangoivulaza amakhala waphunzitsa nsomba imene anzake adzavutike nayo. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene malo ambiri amafunira kuti munthu aphunzitsidwe asanapatsidwe mkondo.

Panalinso ganizo lophunzitsa shaki kudya lionfish. Ku Roatán, ku Honduras, ndi m'malo ena, osambira ankalasa nsombayo n'kuipereka kwa shaki, mikunga ya moray ndi barracuda, poyembekezera kuti zizolowere kukoma kwake n'kuyamba kusaka zokha. Chimene zilombozo zinaphunzira n'chakuti munthu wa mkondo amabwera ndi chakudya. Zinayamba kulondola alenje, kulanda nsomba kunsonga ya mkondo, ndipo anthu ena analumidwa. Lero oyang'anira malo ambiri amaletsa mchitidwewu.

Nanga grouper, nsomba yaikulu ya pa matanthwe? Lionfish zapezekapo m'mimba mwake. Peter Mumby ndi anzake anapeza mu 2011 kuti ku Exuma Cays Land and Sea Park, kumene usodzi ndi woletsedwa ndipo grouper ndi zambiri, lionfish zinali zochepa kwambiri. Koma kafukufuku wina wa mu 2013, woyang'ana matanthwe 71 a ku Caribbean, sanapeze mgwirizano pakati pa kuchuluka kwa nsomba zolusa ndi kuchepa kwa lionfish. Mwina zonse ziwiri ndi zoona: grouper zimathandiza pokhapokha zikachuluka zedi, ndipo m'malo ambiri asodzi anazitha kale.

Njira ya m'mbale

Munthu wongodzipereka amatopa, ndipo mpweya, mafuta a boti ndi zipangizo zimafuna ndalama. Nchifukwa chake kuyambira mu 2010 NOAA ndi mabungwe ena anayamba kulimbikitsa anthu kuti azidya lionfish. Ululu uli m'minga mokha; mnofu wake ndi woyera, wofewa ndi wosanunkha. Chaka chomwecho REEF inatulutsa buku la kaphikidwe kake. Mu 2016 masitolo a Whole Foods anayamba kuigulitsa ku Florida. Ku Colombia wophika wotchuka Jorge Rausch anatsogolera ntchito yoitchukitsa, ndipo ansembe a Katolika anathandiza polimbikitsa akhristu kuidya Lachisanu ndi m'nyengo ya Lenti. Ku Belize amayi a gulu la Belioness amapanga ndolo ndi zokongoletsera zina kuchokera ku zipsepse ndi michira, zimene zimawonjezera phindu la nsomba iliyonse kwa msodzi. Kampani ya Inversa ya ku Florida imafufuta khungu lake kukhala chikopa.

Msika uli ndi mavuto ake. Nsomba yolasidwa imodziimodzi ndi munthu wopuma mpweya wogula siingatsike mtengo ngati ya mu ukonde, ndipo malo odyera amadandaula kuti lero ilipo, mawa palibe. Msodzi wofuna phindu amasankha zazikulu ndi malo amene zachuluka, pamene thanthwe limene likufunika chitetezo lingakhale lakutali, la nsomba zochepa ndi zazing'ono. Palinso nkhani ya ciguatera, poizoni wochokera ku tizomera tosaoneka ndi maso amene amaunjikana m'matupi a nsomba zolusa za pa matanthwe ndipo satha ndi kuphika. Mu 2013 bungwe la FDA la ku America linaika lionfish pa mndandanda wa nsomba zimene zingakhale naye. Malangizo ake ndi omwe amaperekedwa pa grouper ndi barracuda: musadye zochokera kumalo odziwika ndi vutoli. Msika umathandiza kulipira mbali ya ntchito, koma sungasankhe wokha malo oyenera kutetezedwa.

Pamene chilengedwe chinalowererapo

Chithunzi cha lero n'chosiyana ndi mantha a mu 2010. Ku Bahamas chiwerengero chinayamba kutsika chokha chitadutsa 2011, ngakhale pa matanthwe ena osasakidwa. Mu 2017 kumpoto kwa Gulf of Mexico kunabuka matenda a zilonda zapakhungu pakati pa lionfish, ndipo m'chaka chotsatira zinali zitachepa kupitirira theka pa matanthwe amene ofufuza ankawayang'anira. Ku Belize, kafukufuku wa mu 2017 sanapeze kusintha kwakukulu pa nsomba za pa matanthwe akuluakulu olumikizana. Zikuoneka kuti chiwonongeko chimakula kwambiri pa timatanthwe tating'ono tapatokha ndi pamene lionfish zathithikana, osati paliponse mofanana.

Izi sizichotsa kufunika kwa alenje. Zikungosonyeza kumene mphamvu zawo ziyenera kupita. Komanso zikukumbutsa kuti korali wa ku Caribbean ali ndi adani aakulu kuposa lionfish: kutentha kwa madzi, matenda a korali, zonyansa zochokera kumtunda ndi usodzi wopyola muyeso. N'kosavuta kusonkhanitsa anthu kuti alimbane ndi mdani wooneka amene angathe kumulasa n'kumudya madzulo omwewo. Boma limene likunyadira mipikisano kwinaku likulekerera kutha kwa grouper ndi parrotfish silinagwire ntchito yake.

Phunziro kwa amene yangowafikira

Nkhani yomweyi ikubwerezedwa ku Mediterranean, koma njira yake ndi ina. Kumeneko Pterois miles inalowera pa ngalande ya Suez kuchokera ku Red Sea. Imodzi inagwidwa ku Israel mu 1991, kenako kunali zii mpaka 2012 pamene zinaoneka ku Lebanon. M'zaka zochepa zinali zitazinga Cyprus n'kufika ku Turkey ndi Greece, kutentha kwa madzi kukuzithandiza. Malamulo a ku Ulaya amaletsa kulasa nsomba utavala botolo la mpweya, motero ntchito ya RELIONMED ya ku Cyprus, yothandizidwa ndi European Union, inachita kupeza zilolezo zapadera za alenje ophunzitsidwa. Anapeza zofanana ndi za ku Caribbean: ulenje umachepetsa nsombazi msanga m'malo otetezedwa, koma m'malo ena zimabwerera m'miyezi itatu. Ku Brazil nako, kuyambira mu 2020 zayamba kuchuluka kugombe la kumpoto ndi ku zilumba za Fernando de Noronha, kumene kuli mitundu ya nsomba yosapezeka kwina kulikonse.

Mayiko amenewa ali ndi mwayi umene Bahamas inalibe, wodziwiratu zimene zimagwira ntchito. Ayenera kusankha malo ochepa ofunika kwambiri, monga oswanirana nsomba, okhala ndi mitundu yosowa, ndi amene asodzi ndi ntchito zokopa alendo zimadalira. Pamalo alionse adziwe mlingo wa lionfish umene angapirire, ndipo alenje azibwererapo pa nthawi yoikika, osadikira mpikisano wa pachaka. Malamulo amasulidwe msanga kwa anthu ophunzitsidwa, msika ulimbikitsidwe kumene ungathandize, ndipo kumalo kumene msika sufika boma lilipire. Kugulitsa ndi kutaya zamoyo zachilendo kukhwimitsidwe tsopano, chifukwa ndi mbali yokhayo ya nkhaniyi imene ili yotsika mtengo. Zina zonsezo, mpweya, mafuta a boti, maphunziro ndi malipiro a alenje, ziyenera kulowa mu bajeti ya chaka chilichonse, ndipo wolemba bajetiyo adziwe kuti chaka chamawa adzazilembanso.